Ndisanadine Enter: kufomata khadi la 3DS pa terminal

Madzulo ena mwana wa mchemwali wanga anabwera ndi 3DS yanga yakale, kachipangizo kosewerera magemu ka kampani ya Nintendo, m'manja, nkhope itagwa. "Amalume, ikukana. Ikuti malo atha." Kachipangizoka ndinam'bwereka miyezi ingapo yapitayo, ndipo iye anakakonda kuposa mmene ine ndinkakakondera ndili nako ndekha. Ndi 3DS XL, ija inatuluka mu 2012, ndipo mkati munali mudakali khadi lomwe linabwera nayo, la 4GB. Ndinatsegula pamene pamaonetsa malo otsala. 3DS siwerenga malo mu MB kapena GB, imawerenga mu timagawo totchedwa block, ndipo block imodzi ndi 128KB. Nambala yomwe ndinaiona inali yochepa kwambiri moti ngakhale gemu yaing'ono sikanalowamo. Mnyamatayo anali atayamba kale kulozera magemu oti tifufute. Ndinamuuza kuti asakhudze kalikonse.

Chifukwa chake n'chakuti zimene zili m'khadi limenelo si zinthu zopezeka paliponse lero. Nintendo inasiya kupanga 3DS mu 2020, ndipo mu March 2023 inatseka zogula pa eShop ya 3DS, sitolo yake ya pa intaneti yogulitsira magemu. Komanso magemu amene munthu anachita kudawunilodi amasunga m'khadi momwemo pamene wosewera wafika: mudzi umene wamanga, mpikisano umene wapambana, maola onse amene anathera pamenepo. Gemu ukhoza kuipezanso, koma maola ako palibe angakubwezere. Munalinso zithunzi zimene ndinajambula ndi kamera yake zaka zapitazo, zina za anthu amene sindidzawajambulanso. Choncho njira inali imodzi, kugula khadi lalikulu n'kusamutsira zonse mmenemo.

Ndinagula kakhadi ka microSD ka 64GB, kokhala ndi adaputa yake, chifukwa 3DS XL imalowa khadi la SD lalikulu lija. Ndinazimitsa kachipangizoka, n'kutsegula kachitseko ka m'mbali, n'kulowetsa khadi latsopanolo, n'kuyatsa. Sinalizindikire. Mnyamata uja anandiyang'ana ngati ndagula khadi lowonongeka. Khadilo linali labwinobwino. Vuto linali la chilankhulo.

Khadi lililonse, kaya disiki iliyonse, ndi mndandanda wautali wa timalo tosungiramo manambala. Pa lokha silidziwa kuti fayilo n'chiyani. Kuti chipangizo chidziwe kuti chithunzi chakuti chikuyambira apa n'kupitirira apo, pamafunika kaundula, ndipo kalembedwe ka kaundula ameneyu ndi kamene amakatcha file system. Kufomata ndi kulemba kaundula watsopano wopanda kanthu. 3DS imawerenga kaundula wa mtundu wa FAT, makamaka FAT32, amene Microsoft inamubweretsa mu 1996 pa Windows 95 OSR2. Dzinalo likuchokera ku tebulo limene limasunga mndandanda wa timagawo ta fayilo iliyonse: kagawo aka kakatha pita ku kakuti, kakatha ako pita ku kakuti, mpaka pamene palembedwa kuti fayilo yathera pano. Ndi njira yachikale, yosavuta, ndipo n'chifukwa chake pafupifupi chipangizo chilichonse chimaidziwa, kuyambira kamera mpaka wailesi ya m'galimoto. Chilema chake chachikulu n'chakuti fayilo imodzi singafike 4GB yathunthu, imaperewera byte imodzi.

Makhadi a SD nawo ali ndi bungwe lawo, SD Association, lomwe linakhazikitsidwa mu 2000 ndi SanDisk, Panasonic ndi Toshiba. Bungweli ndi limene linagawa makhadi m'magulu. SD wamba amafika 2GB. SDHC amafika 32GB ndipo amabwera ndi FAT32. SDXC, omwe analengezedwa mu 2009, amayambira pamwamba pa 32GB mpaka 2TB, ndipo amabwera ndi kaundula wina, exFAT, wa mu 2006. Ndiye khadi langa la 64GB linali SDXC lolankhula exFAT, pamene 3DS imamva FAT32. Apa ndinene mosabisa: Nintendo imanena kuti 3DS imalandira makhadi mpaka 32GB basi. Makhadi okulirapo amagwira ntchito akafomatidwa kukhala FAT32, ndipo anthu ambiri akhala akuwagwiritsa ntchito kwa zaka, koma wochita zimenezi adziwe kuti wadutsa malire a mwini wake. Amene safuna nkhawa agule la 32GB. Ine ndinali nalo kale la 64GB, ndipo ndinkadziwa chimene ndinkachita.

Wina angafunse kuti bwanji osangolifomatira pa 3DS pomwepo. Ilibe malo ochitira zimenezo. Muli chinthu chotchedwa Format System Memory, ndipo dzinalo limakopa, koma chimenecho chimafufuta za m'kachipangizo kenikeniko, ndipo ukatero zimene unasunga m'khadi siziwerengekanso. Ndinamusonyeza mnyamatayo malowo n'kumuuza kuti, "Iwe, apa usamadinepo, ngakhale mnzako akuuze bwanji."

Nanga pa kompyuta, podina ndi mausi? Kwa zaka zambiri Windows yakhala ikukana kufomata chinthu choposa 32GB kukhala FAT32. Malire amenewa si a FAT32 yeniyeniyo, chifukwa iyo imatha kufika 2TB. Dave Plummer, yemwe anagwirapo ntchito ku Microsoft, anafotokozapo kuti ndi iye anasankha nambala ya 32GB pamene ankapanga kazenera kofomatira m'zaka za m'ma 1990, ndipo inangokhala choncho. Mu August 2024 kampaniyi inayamba kukweza malirewo kufika 2TB m'mitundu yoyesera ya Windows 11, koma pa lamulo lochita kulemba, osati pa kazenera kodina kaja. Nkhani imeneyi imandipatsa maganizo nthawi zonse: chimene munthu mmodzi anasankha tsiku lina ali pa ntchito chinakhala mpanda kwa anthu osawerengeka kwa zaka pafupifupi 30, ndipo ambiri mwa iwo ankaganiza kuti ndi mmene zinthu zinalengedwera.

Laputopu yanga ili ndi Linux m'malo mwa Windows, choncho ndinatsegula terminal, zenera lolemberamo malamulo a kompyuta. Ndikudziwa kuti zenera lakuda limeneli limaopsa anthu. Mulibe zithunzi, mulibe mabatani, kachizindikiro kokha kamene kamangophethira kudikira kuti ulembe. Ndipo mantha akewo ali ndi maziko, chifukwa terminal imachita zimene walemba, osati zimene umatanthauza. Koma pa ntchito ngati iyi ine ndimaikonda pa chifukwa chomwecho. Kazenera kodina kamakusonyeza dzina limodzi ndi batani limodzi, n'kukubisira zina zonse. Terminal imakukakamiza kutchula ndi dzina chinthu chimene ukufuna kufufuta, ndipo kuti uchitchule uyenera kuyamba wachiona bwinobwino. Lamulo lofomata lenilenilo ndi mzere umodzi. Nthawi yanga yonse madzulo amenewo inathera pa zimene zimabwera mzerewo usanalembedwe.

Ndinayamba ndi khadi lakale. Pa khadi la SD lalikulu pamakhala kabatani kotsetsereka m'mbali, kolembedwa Lock. Ndinakatsitsa kuti kompyuta ingowerenga, isalembemo kanthu. Kabatani kameneka kalibe waya wina uliwonse mkati, ndi kapulasitiki chabe kamene chowerengera khadi chimakakhudza n'kudziwa kuti chisalembe, koma pa zowerengera zambiri zimagwira ntchito. Nditalowetsa khadilo ndinapanga foda pa laputopu n'kukopera zonse:

rsync -rt --progress /media/ine/3DS/ ~/khadi-lakale/

Njira ya ku khadi imasiyana pa kompyuta iliyonse, yanuyo muione nokha. Kamzere kopendekeka kamene kali kumapeto kwa dzina loyambalo n'kofunika: kakakhalapo, rsync imakopa za mkati mwa foda, kakasowa imakopa foda yonse n'kuiika mkati mwa inayo. Mafayilo anayamba kuyenda pa sikirini. Muli foda yotchedwa DCIM, momwe muli zithunzi, zina za mtundu wa JPG, zina za MPO zomwe ndi za 3D zija. Ndiye muli foda yaikulu, Nintendo 3DS, ndipo mkati mwake muli foda ya dzina lalitali la zilembo ndi manambala 32, mkati mwa imeneyo mulinso ina ya dzina lalitali chimodzimodzi. Mnyamata uja anafunsa ngati angatengere magemuwo pa 3DS ya mnzake. Ayi. Za mu foda imeneyi zinakhomedwa ndi kiyi wa kachipangizo kameneka kokha, kwina siziwerengeka. Ndinachita diff -r, lamulo lofananitsa mafayilo, pakati pa khadi ndi foda ya pa laputopu, ndipo sinatulutse mawu alionse. Pa lamulo limeneli, kukhala chete ndiye kuti zonse zikufanana. Ndinachotsa khadi lakalelo n'kuliika patali ndi dzanja langa.

Tsopano gawo limene ndimachedwapo dala. Ndisanalowetse khadi latsopano ndinalemba:

lsblk -o NAME,SIZE,FSTYPE,LABEL,MOUNTPOINT

Panatuluka mndandanda wa madisiki onse olumikizidwa. Panali sda, disiki ya mkati mwa laputopu. Panalinso sdb, ndipo pamenepa ndinaima. Pa malangizo ambiri amene munthu amawerenga, khadi amalitchula /dev/sdb, ndipo zala zanga zinazolowera kulemba dzina limenelo. Koma khadi ndinali ndisanalilowetse. sdb imeneyi inali disiki yanga yakunja, yomwe ndinaiwala kuti ili pa waya kuseri kwa laputopu, momwe muli ntchito zanga ndi zithunzi za banja za zaka zambiri. Mtima unagunda. Ndikanangotsatira chizolowezi cha zala, ndikanalemba kaundula wopanda kanthu pamwamba pa zonsezo, ndipo kompyuta sikanandiletsa, chifukwa ndikanakhala nditaiuza ndekha ndi pasiwedi yanga yomwe. Ndinaitsitsa disikiyo bwinobwino, kutanthauza kuuza kompyuta kuti isiye kuigwiritsa ntchito, n'kuizula, n'kuiika m'dirowa.

Kenako ndinalowetsa khadi latsopano n'kulembanso lamulo lomwe lija. Panawonjezeka mzere watsopano, ndipo poti disiki ija inali itachoka, khadilo ndi limene tsopano linatenga dzina la sdb, pansi pake pali sdb1. Dzina lomwelo, mphindi ziwiri zokha, zinthu ziwiri zosiyana. Mayina amenewa si a chinthu, ndi a malo pa mzere: wofika koyamba atenga a, wachiwiri b. N'chifukwa chake sindikhulupirira dzina lokha. Ndimayang'ana mndandanda khadi lisanalowe, ndimayang'ananso litalowa, ndipo chimene chawonjezekacho ndicho khadi. Ndimayang'ananso kukula kwake ndi mtundu wa kaundula. Langali linkaonetsa 59.5G ndi exfat. Ngati laputopu ili ndi kabowo kakekake kolowetsera khadi, dzina lingakhale mmcblk0, chigawo chake n'kukhala mmcblk0p1. M'mizere yotsatirayi ndalemba sdX, ndipo pa X pamenepo pakhale chilembo chimene mwachiona ndi maso anu pa kompyuta yanu nthawi yomweyo.

Mnyamatayo anaona 59.5 ija n'kunena kuti atibera. Sanatibere. Opanga makhadi amawerenga GB imodzi ngati ma byte 1,000,000,000, pamene lsblk imawerenga mochulukitsa ndi 1024, ndiye GB yake ndi ma byte 1,073,741,824. Mukagawa 64,000,000,000 ndi nambala imeneyo mupeza pafupifupi 59.6. Malo ndi omwewo, miyeso ndiyo yosiyana.

Koma kuberedwa kwenikweni kulipo, ndipo kunandionekerapo. Zaka zingapo zapitazo ndinagula khadi lotchipa modabwitsa kwa wogulitsa wina pa intaneti. Kompyuta inkalionetsa lalikulu monga mmene chinalembedwera pa chikuto, ndipo masabata oyamba linkagwira ntchito bwino. Ndiye tsiku lina zithunzi za pa ulendo wina zinakana kutseguka. Mayina ake analipo, kukula kwake kunalipo, koma mkati munalibe chilichonse. Makhadi achinyengo amatero: kachipu kake n'kakang'ono, koma anakaphunzitsa kunama kuti n'kakakulu. Kaundula amalemba mokhulupirika kuti fayilo yasungidwa pamalo akuti, pamene malowo kulibe. Umadzazindikira pa tsiku limene ukufuna chinthu chako. Kuyambira pamenepo khadi lililonse latsopano ndimaliyesa ndi pulogalamu yotchedwa f3. Lamulo la f3write limadzaza khadi lonse ndi mafayilo a 1GB iliyonse, otchedwa 1.h2w, 2.h2w, mpaka malo atatha. Ndiye f3read imawawerenga onse n'kunena kuti ndi angati abwerera ali bwino, ndi angati awonongeka. Pa Windows pali H2testw yochita ntchito yomweyo. Zimatenga nthawi, pa khadi langali zinapitirira ola. Mnyamata uja anatopa n'kupita kukachita zina. Atabwera anapeza lipoti latuluka, lopanda cholakwika ngakhale chimodzi.

Kenako ndinatsitsa khadilo kuti kompyuta isiye kuligwiritsa ntchito, koma osalizula:

sudo umount /dev/sdX1

Mawu akuti sudo ndi opempha mphamvu za mwini kompyuta, ndipo amafunsa pasiwedi. Ukamailemba sipaoneka kanthu pa sikirini, ngakhale timadontho, ndipo amene akuyamba kumene amaganiza kuti kiyibodi yafa. Imakhala ikulembeka, ungomaliza n'kudina Enter.

Kaundula asanalembedwe pali chinthu china chimene chili pamwamba pake. Kumayambiriro kwenikweni kwa khadi kumakhala katebulo kakang'ono konena kuti khadilo lagawidwa zigawo zingati, chilichonse chikuyambira pati, ndipo ndi cha mtundu wanji. Mitundu yake yodziwika ndi iwiri: MBR, wakale wa m'zaka za m'ma 1980, ndi GPT, wa makompyuta amasiku ano. 3DS imafuna MBR. Anthu ambiri amafomata khadi kukhala FAT32 molondola, kachipangizo n'kulikanabe, chifukwa choti khadilo linagwirapo ntchito kwina n'kutsala ndi GPT. Ndinafufuza ndi lamulo ili, lomwe limangowerenga:

sudo fdisk -l /dev/sdX

Pa mzere wa Disklabel type panalembedwa dos, kutanthauza MBR. Chigawo chinali chimodzi, cha mtundu wa nambala 7, chikwangwani chimene chimaikidwa pa exFAT, ndipo chinkayambira pa sector 32768. Sector imodzi ndi ma byte 512, ndiye kuti 16MB yoyambirira anaisiya yopanda kanthu. Apa ndimasiyana ndi malangizo ambiri amene amati fufutani tebulo lonse muyambe mwatsopano. Mpata wa 16MB umenewo sanausiye mwangozi. Memore ya m'makhadi amenewa imalembedwa m'timagawo ting'onoting'ono koma imafufutidwa m'zigawo zikuluzikulu, ndipo opanga amayambitsa chigawo pamalire oyenerana ndi mmene kachipu kawo kanagawidwira mkati. Amene anapanga khadi amalidziwa kuposa ine. Ngati tebulo lili kale MBR ndipo chigawo n'chimodzi, sindiligumula, ndimangosintha chikwangwani chake. Ndinalowa ndi sudo fdisk /dev/sdX, n'kulemba t kuti ndisinthe mtundu, kenako c, chomwe ndi W95 FAT32 ya LBA. Ndinalemba p kuti ndionenso mmene zakhalira.

Chimene ndimayamikira pa fdisk n'chakuti imakusiyira khomo lotulukira. Zonse zimene ukusintha zimakhala m'maganizo a kompyuta chabe mpaka utalemba w. Ukakayikira, lemba q, utuluka khadi lili mmene linalili. Ine ndinatulukapo ndi q kamodzi madzulo amenewo, osati chifukwa ndinalakwitsa, koma ndinkafuna kuonanso lsblk. Nditatsimikiza ndinabwereza n'kulemba w. Amene wapeza gpt pa mzere uja alembe o kuti apange tebulo la MBR latsopano, kenako n, p, 1, n'kuvomera manambala amene fdisk ikupereka, omwe amayambira pa sector 2048, kenako t, c, w monga ndanenera.

Ndiye tinafika pa mzere uja. Ndinauitana mnyamatayo kuti akhale pafupi aone.

sudo mkfs.fat -F 32 -s 64 -n MASEWERA /dev/sdX1

Pulogalamu imeneyi imapezeka mu phukusi la dosfstools. -F 32 ikunena kuti FAT32. -n ndi dzina la khadi, losapitirira zilembo 11, ndipo ndi bwino zikhale zikuluzikulu. Kumapeto kuli sdX1, chigawo, osati sdX, khadi lonse, chifukwa tebulo lija tikulifuna likhalepo. Koma pamene pali nkhani ndi pa -s 64. FAT sigawa malo mu sector imodziimodzi, imawamanga m'mitolo yotchedwa cluster, ndipo fayilo iliyonse imatenga mtolo wathunthu ngakhale itakhala ya mawu awiri okha. Ma sector 64 kuchulukitsa ndi 512 ndi 32KB, umenewo ndiye mtolo wathu. Mitolo ikakhala ing'onoing'ono malo sawonongeka kwambiri, koma kaundula amatalika. Pa khadi la 64GB, mitolo ya 4KB ingakhale yoposa 15 miliyoni, ndipo poti uliwonse umatenga ma byte 4 m'tebulo, tebulolo lingapitirire 60MB. Mitolo ya 32KB ndi pafupifupi 2 miliyoni, tebulo lake losafika 8MB. Kwa kachipangizo ka mphamvu zochepa ngati 3DS, buku lopyapyala ndi losavuta kulisanthula. Pa khadi la kukula uku mkfs.fat ikanasankha yokha 32KB, koma ndimalembabe kuti ndidziwe chimene ndapempha. Pa makhadi a 128GB kupita m'mwamba, anthu amene akhala akuchita zimenezi pa 3DS amalangiza 64KB, ndiye kuti -s 128.

Ndinawerenga mzerewo kuchokera kumapeto kubwerera kumayambiriro, chizolowezi chimene ndinachiyamba chifukwa chilembo choopsa chimakhala kumapetoko. Ndinamuuza mnyamatayo kuti awerenge mokweza chilembo chimene chili pa mzerewo, ndi chimene chili pa lsblk pambali pa 59.5G. Zinali zofanana. Ndinadina Enter. Panatuluka mzere umodzi wonena dzina la pulogalamu ndi mtundu wake, panapita masekondi ochepa, kachizindikiro kaja kanayambanso kuphethira.

"Basi?" anafunsa.

Basi. Kufomata kotere sikuyenda m'khadi lonse kufufuta chilichonse, kumangolemba kaundula watsopano. Zakale zimatsala mmenemo zopanda mwini mpaka zina zitalembedwa pamwamba pake. N'chifukwa chake pulogalamu ngati PhotoRec imatha kutola zithunzi m'khadi lofomatidwa mwangozi, bola munthu asiye kulembamo nthawi yomweyo. N'chifukwa chakenso sindipatsa munthu khadi langa lakale nditangolifomata chabe.

Panali msampha umodzi wotsala. Chilakolako chimakhala choti ulowetse khadi lopanda kanthulo mu 3DS kuti uone ngati ikulizindikira. Ikalizindikira, imapangamo yokha foda yake ya Nintendo 3DS, yokhala ndi kafoda katsopano ka dzina lalitali kaja. Ukadzathiramo zakale pamwamba pake, mumakhala timafoda tiwiri, ndipo kachipangizo kangatsegule kopanda kanthuko, iwe n'kuona ngati magemu ako onse asowa. Ndiye zakale ziyenera kulowa m'khadi loyera, kachipangizo kasanalione. Ndinazula khadilo, n'kulilowetsanso mu laputopu, n'kukopera kuchokera ku foda ija ndi rsync yomweyo, mayina atasinthana malo. Amene akugwiritsa ntchito cp, lamulo lina lokopera, akumbukire kuti dzina la Nintendo 3DS lili ndi mpata pakati, ndiye limafuna kulitsekera mu zizindikiro zogwira mawu, apo ayi terminal iliwerenga ngati mayina awiri.

rsync itanena kuti yamaliza, sindinazule. Linux imasunga zolembedwa mu memore ya kompyuta n'kumazitsanulira m'khadi pang'onopang'ono, ndiye lamulo likhoza kutha ntchito isanathe. FAT32 ilibe buku lothandiza kukonza zinthu zikadukira pakati, monga mmene zilili ndi mitundu ina ya kaundula ngati ext4 kapena NTFS, choncho kuzula msanga kungasiye kaundula wosokonekera. Ndinalemba sync, lamulo lokakamiza kuti zonse zotsala zilembedwe m'khadi, ndipo inakhala chete kwa kanthawi ndithu, kagetsi ka pa chowerengera kakuthwanima. Itabwerera ndinachitanso diff -r, n'kutsitsa khadilo ndi umount.

Pa Mac ntchito yomweyi ndi yaifupi. diskutil list imaonetsa madisiki, mayina ake ngati disk4, ndipo diskutil eraseDisk FAT32 MASEWERA MBRFormat /dev/diskN imapanga tebulo ndi kaundula nthawi imodzi, N n'kukhala nambala ya khadi lanu. Chovuta chake n'choti Mac imasiya timafayilo tobisika toyamba ndi dontho, tomwe dot_clean imathandiza kuchotsa. Pa Windows pali diskpart, yokhala ndi list disk, select disk ndi clean, ndipo clean imeneyo imafufuta tebulo la zigawo pa disiki imene wasankha popanda kukufunsanso kachiwiri. Timakina tina ta magemu tilibe mavuto amenewa: Switch imawerenga exFAT ikalandira pulogalamu yowonjezera, Steam Deck imafomata yokha khadi kukhala ext4, ndipo PSP inali ndi malo akeake ofomatira Memory Stick. Ndi tija takale ndi tina ting'onoting'ono ta Linux timene timaumirira FAT32.

Ndinaika kakhadi mu adaputa, n'kuona kuti kabatani ka Lock kali m'mwamba, chifukwa pa ma adaputa ena kamatsika kokha polowetsa. 3DS inali chizimire. Ndinam'patsa mnyamatayo khadilo kuti alowetse yekha, ndipo analikankha ndi chikhadabo mpaka linamveka kuti kha. Anayatsa. Kagetsi kabuluu kanayaka, sikirini inakhala yakuda kanthawi kotalikirapo pang'ono kuposa masiku onse, ndipo tonse tinangokhala duu. Kenako tizithunzi ta magemu tinaoneka, kalikonse pamalo pake. Anatsegula gemu yake ija, ndipo inamubwezera pamene anasiyira dzulo lake. Atapita koona malo otsala, nambala ya ma block inali yoposa 450,000. Anaiwerenga kawiri, kuloza manambalawo ndi chala.

Khadi la 4GB lija sindinalifomate. Ndinaliika mu envelopu, kabatani kake kali pa Lock, n'kulembapo tsiku ndi mawu akuti 3DS, n'kuliika m'dirowa limodzi ndi disiki yakunja ija. Mnyamatayo anali atabwerera pa laputopu, akuyang'ana zenera lakuda lija, momwe mizere yonse ya madzulowo inali idakalipo.

"Amalume, lamulo loonera madisiki lija ndi liti?"

Ndinam'sendezera kiyibodi. Analemba lsblk ndi chala chimodzi, chilembo chimodzichimodzi, n'kudina Enter. Panatuluka sda yokha, ndipo anandifunsa ngati angakatenge fulashi yake kuti aone dzina limene ipatsidwe.